Wabwera pambuyo, bwanji walowa msanga?

Kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi, mzere suyenda ngati wa kuchigayo. Wina amafika m'mamawa n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa pamutu, pomwe mayi amene wangotsika kumene pa kabaza akumulowetsa mothamanga, mwana ali m'manja. Anthu amang'ung'udza kuti pali chibale. Ine ndikuti tiyambe taona zimene namwino womulowetsayo waona.

Namwino wophunzira bwino ntchitoyi safuna nthawi yaitali, masekondi 20 amamukwanira. Choyamba ndi mpweya: kodi mwanayu akupuma, kapena akubanika, milomo yayamba kuda? Kenako amagwira dzanja. Likakhala lozizira, amafinya chikhadabo mpaka chiyere, n'kuchisiya. Magazi akatenga masekondi oposa 3 kuti abwerere, ndiye kuti sakuyenda bwino m'thupi, ndipo mwanayo sangadikire. Amamuitana kapena kumugwedeza kuti aone ngati akudzuka. Kwa wotsegula m'mimba amayang'ana maso ngati alowa, natsina khungu la pamimba. Likachedwa kubwerera, madzi atha m'thupi.

Wopezeka ndi chimodzi mwa zizindikirozi amayamba kulandira thandizo matenda ake asanadziwike n'komwe. Apa m'pamene achibale ambiri amadabwa. Okosijeni, dilipi, shuga wa mumtsempha kapena diazepam woletsa linjirinjiri zimatsogola. Zoti ndi malungo, chibayo kapena matenda oumitsa khosi zimafufuzidwa mwana atayamba kupezako bwino. Pambuyo pa ana amenewa pamabwera khanda losakwana miyezi 2, wopsa ndi moto, womwa poizoni, wotupa mapazi onse awiri, woyera m'manja chifukwa chochepa magazi. Otsalawo amadikira.

Njirayi imatchedwa ETAT, ndipo mbiri yake ndi yakwathu konkuno. Inakulira ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, ndipo bungwe la WHO linatulutsa buku lake lophunzitsira mu 2005. Lipoti la mu 2006 linasonyeza kuti atasintha kalandiridwe ka ana pachipatalachi, imfa zinatsika kuchoka pa ana 10 mpaka 18 mwa ana 100 ogonekedwa, kufika pa 6 mpaka 8. Ana amene kale ankatsirizika pamzere, amayi awo akudikira mwaulemu, anayamba kuoneka nthawi ikadalipo.

Ulemu umenewu ndiwo umandidetsa nkhawa. Tinaleredwa kuti osalankhula usanafunsidwe, ndipo mwana akakhala kumbuyo, wofunditsidwa chitenje mpaka kumutu, namwino amene watanganidwa ndi khamu sangamuone. Komanso amene anali bwinoko pofika akhoza kusinthika ali pabenchi pomwepo.

Choncho amayi, abambo, agogo, mukafika mumutsitse mwanayo, mumuvundukule. Akayamba kukomoka, kubanika, kukana bere kapena kusadzuka, musadikire kuti buku lanu liitanidwe. Imirirani, pitani kwa namwino, nenani mokweza kuti mwana wasintha. Ndipo wina akalowa patsogolo panu atanyamula mwana wolefuka, mupatseni njira.