Kamunda ka m'mbali mwa msewu ku Mabvuku

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, ku Mabvuku ndi ku Tafara kuno ku Harare simupeza malo ongokhala. M'mbali mwa msewu, kuseri kwa sukulu, ngakhale m'dambo, paliponse ndi mizere ya chimanga. Azakhali anga amalawirira mbandakucha, khasu paphewa, kukapalira kamunda kosakwana theka la ekala. Malowo si awo n'komwe, ndi a khonsolo.

Kuti mumvetse khama limeneli, tibwerere kwa agogo athu. Iwo anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya a azungu ndi m'migodi. Anzathu Achishona ali ndi kwawo, amati kumusha, komwe amatumiza feteleza n'kukatengako matumba a chimanga. Ife amene amatitcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, mudzi wathu unali komboni ya pafamu. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ambiri anatsala manja lende, ntchito palibe, munda palibe, n'kudzathithikana kwa abale m'tauni.

N'chifukwa chake mtengo wa chimanga umene boma limalengeza kudzera ku bungwe logula mbewu la GMB timaumva mosiyana. Mlimi amafuna ukwere, pomwe ife ogula pandowa ku Mbare Musika timapemphera kuti utsike. Mu 2008, ndalama zitasanduka mapepala wamba, kamunda ka azakhali ndi kamene kanatidyetsa.

Ana awo lero amagulitsa mayunitsi a foni, khasu saliyandikira. Koma chimanga chachiwisi chikanunkhira pamoto, onse amatulukira.