Tulo ndi Matenda Ake

Ana inu pamodzi ndi aphunzitsi anu, phunziro lathu la lero ndi la tulo. Munthu amatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wake ali m'tulo. Ndiko kunena kuti agogo a zaka 60 agona zaka pafupifupi 20. Kodi nthawi yonseyi imangotayika? Tiyeni timve zimene akatswiri ofufuza anapeza.

Kale anthu anali kuganiza kuti munthu akagona, ubongo wake umazima monga moto. M'caka ca 1924, dotolo wa ku Germany dzina lake Hans Berger anapeza njira yopimira mphamvu yaing'ono ya magetsi imene ubongo umatulutsa. Timawaya timaikidwa pamutu, ndipo makina amalemba mizere yokhotakhota. Ofufuza atapima anthu ogona, anaona kuti mizereyo siileka ai, koma imangosintha maonekedwe. Ubongo umagwira nchito usiku wonse.

M'caka ca 1953, pa yunivesite ya Chicago ku America, Nathaniel Kleitman ndi wophunzira wake Eugene Aserinsky analengeza cinthu codabwitsa. Nthawi zina usiku, maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira pansi pa zikope. Anthu ambiri amene anadzutsidwa pa nthawi imeneyo ananena kuti anali kulota. Tulo ta mtundu umenewu timachulidwa kuti REM. Tsopano tidziwa kuti tulo timayenda mozungulira: poyamba topepuka, kenaka tofa nato, pambuyo pake ta maloto. Kuzungulira kumodzi kumatenga mphindi pafupifupi 90, ndipo kumabwerezedwa kanai kapena kasanu usiku umodzi.

Pa tulo tofa nato, thupi limatulutsa madzi apadera okulitsa mafupa ndi minofu ya mwana. Ubongo nawo umasanja ndi kusunga zimene munaphunzira masana. Nciifukwa cake mwana wa zaka 6 mpaka 12 afunika kugona maola 9 mpaka 12. Mwana amene adzadzuka 6 koloko m'mawa ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko usiku.

Thupi lathu lili ndi wochi yakeyake. M'caka ca 1938, Kleitman ndi mnzake Bruce Richardson anakhala masiku 32 m'phanga la Mammoth Cave, kumene dzuwa silifika, nayesa kukhala ndi tsiku la maola 28. Thupi la Kleitman linakana, linapitiriza kutsata tsiku la maola 24. Wochi imeneyi imawongoledwa ndi kuwala. Mdima ukagwa, ubongo umatulutsa madzi ochedwa melatonin amene amauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Kuwala kwa nyali zamphamvu, wailesi ya kanema ndi foni kungacedwetse uthenga umenewu.

Tsono tulo tili ndi matenda ake. Loyamba ndi kusowa tulo, kumene kawirikawiri kumabwera kaamba ka nkhawa, phokoso, udzudzu, njala kapena tiyi ndi khofi womwa madzulo. Lina ndi kutsekeka kwa njira ya mpweya: munthu amaliza mkonono kwambiri, kupuma kumaima kanthawi, ndipo amadzidzimuka kambirimbiri osadziwa. Mwa ana, cocititsa cake nthawi zambiri ndi zotupa za kum'mero, ndipo madotolo akhoza kuthandiza. Palinso matenda osowa amene dotolo wa ku France, Jean-Baptiste Gélineau, anawapatsa dzina lakuti narcolepsy m'caka ca 1880. Wodwalayo amagwidwa ndi tulo mwadzidzidzi masana, ngakhale ali pakati polankhula kapena kudya.

Ana ena amadzuka ndi kuyenda ali m'tulo, ndipo m'mawa sakumbukira kanthu. Uwu si ufiti. Mwanayo muyenera kumgwira dzanja mofatsa ndi kumbwezera pamphasa, ndipo ambiri amaleka akamakula. Mwina wina wa inu anadzukapo usiku nalephera kusuntha kapena kufuula, ngati kuti cinthu camkhalira pacifuwa. Pa tulo ta maloto ubongo umamanga minofu kuti tisacite zimene tikulota, ndipo nthawi zina munthu amagalamuka minofuyo isanamasulidwe. Zimatha zokha m'kanthawi kocepa.

Pali matenda amodzi amene ife a m'Zambia tiyenera kuwadziwa bwino, ndiwo kaodzera. Amafalitsidwa ndi nchenche za tsetse zopezeka m'madera a nyama zakuthengo monga cigwa ca Luangwa. Kacilombo koyambitsa kaodzera wa kuno kanazindikiridwa m'caka ca 1910 ndi J. W. W. Stephens ndi H. B. Fantham, m'magazi a munthu amene anadwala atacokera m'cigwa cimeneci. Poyamba wodwala amatentha thupi ndi kumva mutu ngati malungo. Kacilomboko kakafika ku ubongo kamasokoneza wochi ya thupi, motero munthu amaodzera masana, usiku nakhala maso. Popanda mankhwala matendawa amapha, koma wopita msanga kucipatala amacira.

Aphunzitsi, mwana akamaodzera m'kalasi tsiku ndi tsiku, musafulumire kumuyesa waulesi. Mufunseni mwacifundo nthawi imene amagona, ngati wadya m'mawa, ndi nchito zimene amagwira usiku. Kambiranani ndi makolo ake, pakuti ndiwo amamva mkonono wake. Ngati akugona maola okwanira koma akuodzerabe, kapena ngati akutentha thupi atalumidwa ndi tsetse, apite kucipatala popanda kucedwa. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ana inu, nayi nchito yanu ya mlungu uno. Jambulani mizere 7 m'kope lanu, mzere umodzi pa tsiku. Lembani nthawi imene mwagona, nthawi imene mwadzuka, ndi m'mene mwamvera m'kalasi tsiku limenelo. Mlungu ukatha, werengani maola anu pamodzi ndi aphunzitsi, muone ngati akukwana 9. Ofufuza za tulo nawonso amapempha odwala awo kulemba motero asanawapime ndi makina.