Chithunzi Chosanjikiza: Luso Lofuna Kudekha ndi Kuona Mtima

Tsiku lina tinacheza pakhomo pena ku Ligowe, m'boma la Neno, ndipo pakhoma tinaona chithunzi cha banja lonse: agogo aamuna, agogo aakazi, ana ndi adzukulu. Chodabwitsa n'chakuti anthuŵa sanakhalepo pamodzi ndi tsiku limodzi lomwe. Agogo aamunawo anatisiya kalekale. Anasiya kachithunzi kamodzi kokha, kamene anajambulitsa popita ku migodi ya ku South Africa ndi Wenela, boma lisanaimitse maulendowo mu 1974. Mwana wawo wachisamba ali ku Johannesburg. Amene anasonkhanitsa onseŵa papepala limodzi ndi mdzukulu wawo wamkazi, pogwiritsa ntchito kompyuta.

Aŵerengi athu, luso limeneli silachilendo ayi. Mu 1857, Oscar Rejlander, amene ankakhala ku Mangalande, analumikiza zithunzi pafupifupi 30 kuti atulutse chimodzi, ndipo ntchitoyo inamtengera masabata angapo. Pulogalamu ya Photoshop inayamba kugulitsidwa mu 1990, ndipo mu 1994 anaiwonjezera njira yosanjikiza zithunzi m'magawo. Lero ilipo inanso yaulere yotchedwa GIMP, ndiponso mafoni ambiri amatha ntchito yomweyi.

Kodi magawo ameneŵa n'chiyani? Taganizani za mapepala oonekera ngati galasi, osanjikizana lina pamwamba pa linzake. Gawo lapansi ndilo malo, monga khonde la nyumba kapena munda wa manachesi. Pamwamba pake munthu aliyense amakhala pa gawo lakelake. Motero mungathe kumsuntha, kumkuza kapena kumchepetsa osakhudza anzake.

Wofuna kuphunzira ayambe chonchi. Choyamba, ajambule chithunzi chakalecho ndi foni pafupi ndi zenera, osayatsa kuŵala kwa foniyo, kenaka achibweze kwa mwini wake chili bwinobwino. Chachiŵiri, polekanitsa munthu ndi zomzungulira asafufute, koma aphimbe. Mapulogalamuŵa ali ndi chophimba chimene chimangobisa mbali yosafunika, kotero kuti dzanja likaphonya n'kudula khutu, khutulo limabwezeka. Pa tsitsi ndi pa duku m'pofunika kufatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, ayang'ane kuŵala. Ngati dzuŵa likuomba mmodzi kuchokera kumanja, wina kumanzere, ngakhale mwana adzazindikira kuti pali chachilendo. Mitu ilingane msinkhu, ndipo pansi pa mapazi pakhale kamthunzi, kuti anthu asaoneke ngati akuyandama. Chithunzi chimodzi chikakhala chakuda ndi choyera, n'kwabwino kuchotsa mitundu pa zonse kuti zifanane. Potsiriza, asunge ntchito yake magawo ali osiyana, ndipo chokatsukitsa chikhale china chapadera.

Tsono pali kanthu kamene kanatigwira mtima pakhomo paja. Kamnyamata ka zaka zisanu kanaloza chithunzicho n'kufunsa kuti, “Agogo, kodi agogo aamuna anabwera liti kuno, ine osawaona?” Mayi okalambawo anakhala duu pang'ono, kenaka anati, “Sanabwere, mdzukulu wanga. Anapita iwe usanabadwe. Achemwali akoŵa ndiwo atiika pamodzi kuti tiziwakumbukira.”

Yankho limenelo ndilo mutu wa nkhani yathu. Kuyambira kale takhala tikukhulupirira chithunzi monga mboni, ndipo ana athu amachikhulupirirabe. Koma dzanja limene likhoza kubweza agogo pakati pa adzukulu awo, likhozanso kuika mkazi wa mwini pambali pa mwamuna amene sanakumanepo naye, n'kupasula banja. Likhoza kuimika mnyamata pa galimoto losakhala lake, makolo kumudzi n'kumayesa kuti zikumuyendera, pamene iye akugona ndi njala. Umenewo ndi umboni wonama, ngakhale pakamwa pasanatuluke liwu.

Chomwecho achinyamata, phunzirani lusoli ndi khama, pakuti lingakupezetseni ndalama pa maukwati ndi pa zikumbutso. Koma musanagwiritse ntchito nkhope ya munthu, yambani mwampempha. Ndipo kuseri kwa chithunzi lembani chaka chimene mwachipanga, maina a onse, ndi mawu akuti n'cholumikiza. Inunso makolo, khalani pansi ndi ana anu pamene akugwira ntchitoyi, muziwauza mbiri ya nkhope iliyonse. Mtsikana wa ku Ligowe uja analemba zimenezi tisanatsazike, ndipo agogo ake anabweza chithunzicho pakhoma ndi manja aŵiri.