Chifukwa chake valavu ya wailesi imatentha ngakhale munthu ali chete

Ampulifaya ya Heathkit SB-220 inatchuka ku America m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka lero ikadali pa matebulo a anthu ambiri amene amalankhulana pa wailesi chifukwa cha chidwi chabe, aja amatchedwa ma ham. Mukaiyatsa, choyamba kuoneka ndi kuwala. M'bokosi lake lachitsulo muli mavalavu awiri a 3-500Z, iliyonse yooneka ngati galasi la nyali ya palafini, ndipo kawaya ka pakati pake kamawala kuti mbee, kakudya mavolti 5 ndi maampu oposa 14. Mwini wake akadina batani la maikolofoni koma osatsegula pakamwa, kamuvi ka pa mita kamanyamuka pa ziro n'kukaima penapake. Palibe mawu amene akupita ku mlongoti, komabe mavalavu akukoka kale magetsi kuchokera ku gwero la mavolti oposa 2,000 n'kumangowasandutsa kutentha. Wosadziwa angati makinawo ali ndi vuto. Anawapanga choncho dala. Magetsi ooneka ngati akutayikawo ndi mtengo umene munthu amalipira kuti asasokoneze anzake pa mafunde a wailesi, ndipo amene amaudula mosasamala amangokankhira ngongoleyo kwa anthu ena.

Valavu ndi botolo lochotsedwa mpweya wonse. M'kati mwake muli kathodi, imene ikatenthedwa imatulutsa maelekitironi, ndi anodi, chitsulo chopatsidwa volteji yaikulu kuti chiziwakoka. Valavu ya zigawo ziwirizi anaipanga John Ambrose Fleming ku London mu 1904. Mu 1906 Lee de Forest wa ku America anawonjezera chigawo chachitatu, giridi, kaukonde ka waya koikidwa pakati pa ziwirizo, ndipo nkhani yonse ili pa kaukondeka. Popeza kali pafupi kwambiri ndi kathodi, mavolti ochepa pa giridi amalamulira karenti yochuluka yopita ku anodi, monga momwe dzanja limodzi pa chitseko cha ngalande ya mthirira limalamulira madzi a munda wonse. Bayasi ndi volteji yokhazikika imene imaikidwa pakati pa giridi ndi kathodi mawu asanafike. Imanena kuti chitsekocho chiyambire pati: chotsekeratu, chotsegulidwa pang'ono, kapena chotsegulidwa theka. Mawu akabwera amangochigwedeza uku ndi uku kuchokera pamene bayasi yachisiya.

Apa ndi pamene pamachokera magulu aja amisiri amawatchula ndi zilembo. Mu kalasi A chitseko chimakhala chotsegula nthawi zonse. Mawu amatuluka oyera, koma ngakhale pa masamu a pa pepala valavu singapereke ku mlongoti mphamvu yoposa theka la imene yadya. Mu kalasi B valavu imagwira ntchito pa theka la funde lililonse, ndipo malire ake ndi 78.5 pa 100. Mu kalasi C bayasi imakhala yaikulu kwambiri moti valavu imangotseguka pa nsonga ya funde, kamphindi kochepa, n'kutsekanso. Imadya pang'ono, imapereka zambiri. Munthu angafunse kuti funde lodulidwa chotero limabwerera bwanji m'chimake. Yankho lili pa katungwe. Wokankha katungwe sathamanga naye ulendo wonse, amangomukankha kamodzi pa nthawi yoyenera, katungweyo n'kumaliza yekha. Koilo ndi makapasita a kutsogolo kwa valavu amachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake kalasi C inkakwanira pa mauthenga a Morse ndi pa FM, pamene kukula kwa funde sikunyamula uthenga.

Mavuto anayamba pamene ma ham anasamukira ku SSB m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Mu njira imeneyi uthenga uli m'kukula ndi kuchepa kwa funde lenilenilo: kunong'ona kumatulutsa mawati ochepa, kufuula kumatulutsa ambiri. Ampulifaya iyenera kukweza zonsezo mofanana. Valavu yotsekeratu siimva mawu aang'ono, ndipo ngakhale ikayamba kutseguka siyankha mowongoka. Katungwe uja amakonza maonekedwe a funde limodzi limodzi, koma sangabweze kunong'ona kumene valavu sinakumve. Zotsatira zake, mafunde osiyanasiyana a m'mawu a munthu amasakanikirana n'kubala ena atsopano amene amagwera kunja kwa kanjira ka makilohetsi pafupifupi 3 kamene SSB imayenera kuyendamo. Ma ham amati splatter. Choipa chake n'chakuti wolakwayo sadzimva. Mnzake amene akulankhula naye akhoza kumuuza kuti akumveka bwino ndithu, pamene munthu wina, makilohetsi 5 kumbali, amene akuvutikira kumva siteshoni yofooka ya kutsidya kwa nyanja, akungomva phokoso ngati la chimanga chokazinga. N'chifukwa chake pafupifupi ampulifaya iliyonse ya SSB imaikidwa mu kalasi AB, chitseko chotsegulidwa pang'ono, karenti ikuyenda ngakhale munthu ali duu, imene imatchedwa karenti yopumira.

Kodi pang'onopo ndi pati? Opanga makina amanena, ndipo manambala awo sawatola m'mutu. Wailesi ya Kenwood ya TS-830S ili ndi mavalavu awiri a 6146B kumapeto kwake, ndipo buku lake limati mwini wake atembenuze kakonono ka bayasi mpaka mita isonyeze 60 mA popanda mawu. Volteji ya anodi ili pakati pa 800 ndi 900, choncho mavalavu awiriwo akutentha ndi mawati pafupifupi 50 asanagwire ntchito iliyonse, pamene iliyonse imaloledwa mawati 35. Mpata wotsala ndi wochepa. Valavu ya 3-500Z inapangidwa mwa nzeru ina. Kampani ya Eimac, imene William Eitel ndi Jack McCullough, onse awiri ma ham, anaiyambitsa ku California mu 1934, inaikonza kuti izitha kugwira ntchito popanda bayasi n'komwe, giridi yake italumikizidwa ku bokosi ndipo mawu akulowera ku kathodi. Koma volteji ikamayandikira 3,000, karenti yopumira imakula, ndipo masamu ake ndi osavuta: 100 mA pa mavolti 3,000 ndi mawati 300 a kutentha, pa valavu imene malire ake ndi 500. Heathkit inaika kachipangizo ka zener ka mavolti 5.1 pa kathodi kuti karentiyo itsike. Mavolti asanu okha, ofanana ndi a chaja ya foni, akuweta mavalavu a mavolti zikwi.

Kulakwira mbali inayo kuliponso, ndipo sindikunena kuti karenti yopumira ikachuluka zinthu zimangokoma. Ikapyola pamene mzere wawongoka, phindu limatha, chotsala ndi kutentha. Komabe mtundu wa anodi wokha suweruza mlandu. Anodi ya 3-500Z ikafiira pang'ono pa ntchito yolemetsa si tsoka. Inakutidwa ndi zirconium, chitsulo chimene chimameza timpweya totsalira m'botolo chikatentha, moti valavu imene yakhala zaka pa shelufu osatenthedwa ndi imene imakonda kuthetheka m'kati ikayatsidwa. Valavu ya 811A ya RCA ndi ina. Anodi yake ndi yopyapyala, malire ake ndi mawati 65, ndipo ikafiira ndiye kuti ikupsa. Kufiira kumodzimodzi, kwa ina ndi mankhwala, kwa ina ndi maliro.

Pali otsutsa amene mfundo yawo ndi yomveka. Amati munthu akamalankhula amapuma pakati pa mawu, nanga n'chifukwa chiyani valavu izitentha pa mipata imeneyo? Minibasi yodikira anthu pa depoti ikhoza kuzimitsa injini. Maampulifaya ambiri atsopano alidi ndi kadera kamene kamatseka valavu munthu akakhala chete n'kuitsegula mawu akangofika, ndipo kutentha kumatsikadi. Koma taonani chimene kaderako kakuchita: sikakuchotsa karenti yopumira pamene mawu alipo, kakungoichotsa pamene palibe chokweza. Mfundo ija yatsala momwemo. Ndipo kakachedwa kutsegula, kapena kakaikidwa kuti kazidikira mawu aakulu, chiyambi cha liwu lililonse chimadutsa mu valavu yotseka, splatter uja n'kubwerera. Chimene sichingavomerezeke ndi njira yachidule imene ena amatsata, yongotsitsa karenti yopumira mpaka pafupi ndi ziro kuti mavalavu okwera mtengo akhalitse. Mavalavuwo akhalitsadi, koma olipira ndi oyandikana nawo pa mafunde.

Bayasi yolondola payokha siyokwanira, chifukwa valavu imagwira ntchito molingana ndi katundu amene yasenzetsedwa. Kutsogolo kwa ampulifaya kuli makonono awiri, lina lolembedwa Tune, lina Load. Load ikachepa, volteji ya anodi imagwa kwambiri pa nsonga ya funde, maelekitironi amasiya anodi n'kuthamangira ku giridi, nsonga za mawu zimaphwatalala. Giridi ndi kanthu kosalimba. Valavu ya 8877 imapirira mawati 1,500 pa anodi koma 25 okha pa giridi; ya 3-500Z, mawati 20. Mavalavu a zigawo zinayi monga 4CX250B ali ndi giridi yachiwiri imene imaloledwa mawati 12, ndipo nthawi zina karenti yake imayenda chobwerera, kotero gwero lake liyenera kukhala lokhazikika mbali zonse ziwiri. Katswiri amayang'ana mita ya giridi kuposa mita ya mawati, ndipo masamu ali kumbali yake. Kuchoka pa mawati 100 kufika 1,000 ndi madesibelo 10, kusintha kumene wakutali amakumva. Kufinya ampulifaya kuchoka pa 1,000 kufika 1,200 sikukwana ngakhale desibelo imodzi, pamene gawo limodzi la mita ya wolandira ndi madesibelo 6. Ngakhale pamene bungwe la Ofcom ku Britain linakweza malire a laisensi yaikulu kuchoka pa mawati 400 kufika 1,000 mu 2024, kusiyana konseko kunali madesibelo 4.

Nthawi nazonso zasintha makinawo ali omwewo. Mabuku a mavalavu a RCA ankapereka malire awiri, a ntchito yosalekeza ndi a ntchito yopumira monga ya ma ham, ndipo maampulifaya ambiri otsika mtengo anawerengera pa achiwiriwo, podziwa kuti mawu a munthu amafika pa nsonga mwa apo ndi apo. Mu 2017 Joe Taylor ndi Steve Franke anatulutsa FT8, njira ya pa kompyuta imene imatumiza funde lodzaza kwa masekondi oposa 12 pa masekondi 15 a gawo lake, kenaka kumvera, kenaka kutumizanso, kwa maola. Ampulifaya ya mavalavu a 811A imene imanyamula mawu bwinobwino ikhoza kupsa pa ntchito yotere ngati mphamvu siitsitsidwa. Magetsi a pa khoma nawonso amalowa m'nkhaniyi. Kawaya kotenthetsa kamafuna volteji yosapyola 5 pa 100 kukwera kapena kutsika. Ikakwera moyo wa valavu umafupika msanga, ndipo volteji ya anodi ikakwera karenti yopumira imakwera nayo. Ham wa ku Malawi, amene dzina lake la pa wailesi limayamba ndi 7Q, kapena wa ku Zambia wa 9J, akagula makina akale a ku America amawalumikiza ku magetsi a mavolti 230 ndi mahetsi 50, osati 60 amene ali kwawo kwa makinawo. Bayasi yoikidwa masana ingakhale ina madzulo pamene nyumba zonse zayatsa makuka.

Ena amafunsa ngati zonsezi zikadali ndi ntchito, popeza matransista a LDMOS masiku ano amapereka kilowati pa mavolti 50 okha, osafuna kutenthetsa kapena kutembenuza makonono. N'zoona kuti msika ukupita kumeneko. Koma transista nayonso imaikidwa mu kalasi AB, ili ndi karenti yake yopumira, ndipo ikapanikizidwa imamwaza phokoso mofanana. Valavu ikadalipo chifukwa imakhululuka: mlongoti ukakhala wosagwirizana bwino, makonono aja amakonza, ndipo cholakwa cha masekondi angapo chimene chingaphe transista nthawi yomweyo, anodi yaikulu imangochimeza. Kampani ya Acom ya ku Bulgaria inamanga ampulifaya yake ya Acom 1000 pa valavu imodzi ya ku Russia ya GU-74B, ndipo ma SB-220 a zaka makumi asanu akukonzedwabe ndi soda ndi zipangizo zogula padera.

Kukonzako ndi kumene kumapha anthu. Karenti yopumira imawerengedwa pa mita ya kutsogolo, bokosi lili lotseka, ampulifaya italumikizidwa ku katundu woyesera wa maomu 50 m'malo mwa mlongoti. Ngati pafunika kusintha zener kapena china cha m'kati, pulagi imazulidwa ku khoma, munthu n'kudikira mita ya volteji ifike pa ziro. Ngakhale pamenepo sakhulupirira mitayo, chifukwa maresista amene amakhetsa magetsi m'makapasita amatha kuduka osaonetsa chizindikiro, makapasitawo n'kusunga mavolti zikwi makina atazima kalekale. Amatenga ndodo ya chigwiriro chosadutsa magetsi, yokhala ndi waya wonenepa womangidwa ku bokosi, n'kukhudza nayo chipewa cha anodi, dzanja linalo lili m'thumba.