Bwanji a Tanzania amapita anayi ku CAF, ife awiri?

Kwa munthu wa ku Karonga, Tanzania si dziko lakutali. Ukanyamuka pa boma m'mawa, dzuwa lisanatenthe wafika kale pa Songwe. Nchifukwa chake mpira wa kutsidyako umatsatidwa kwambiri kuno, ndipo Simba ikamasewera ndi Yanga, malo oonetsera mpira amadzaza ngati kukusewera Maule ndi Manoma.

Koma pali funso lomwe limavuta anthu ambiri okonda mpira. Nyengo ya mipikisano ya bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF ikafika, anzathuwa amatumiza matimu anayi, pomwe ife tikachita bwino timatumiza awiri, zaka zina imodzi, zaka zina osatumiza nkomwe. Ena amati nkukondera, ena amati ndi ndalama za anthu olemera a ku Dar es Salaam. Ndalama zilipodi pa nkhaniyi, koma chiyambi chake ndi lamulo, ndipo lamulolo ndi losavuta kulimva.

CAF ili ndi zikho ziwiri zikuluzikulu za matimu a amuna. Chachikulu ndi Champions League, chomwe chidayamba mu 1964 ndi dzina lina ndipo chidalandira dzina la leroli mu 1997. Chachiwiri ndi Confederation Cup, chomwe chidabadwa mu 2004 ataphatikiza zikho ziwiri zakale. Dziko lililonse lomwe ndi membala wa CAF lili ndi mpando umodzi m'chikho chilichonse. Ku Champions League kumapita akatswiri a ligi. Ku Confederation Cup kumapita timu yomwe yatenga chikho chimene bungwe la mpira la dzikolo, kwathu kuno FAM, lasankha kuti chikhale chopereka tikiti.

Umu ndi mmene zidayendera mu 2025. Silver Strikers idapita ku Champions League chifukwa idatenga ligi ya 2024, ndipo Mighty Wanderers idapita ku Confederation Cup itatenga chikho cha Castel.

Kwa timu ngati Karonga United, khomo lachiwirili ndi lomwe lili pafupi. Kutenga ligi kumafuna kupirira masewero 30, kuyenda mtunda wautali sabata ndi sabata, komanso kukhala ndi osewera okwanira ena akavulala. Chikho chimangofuna masewero ochepa ndi tsiku labwino. Ingwina zidaonetsa kale kuti zikhoza, pomwe zidafika mu ndime yomaliza ya Airtel Top 8 mu 2019 nkugonja 1-0 kwa Silver Strikers.

Nanga mipando inayi ya Tanzania ikuchokera kuti? CAF imasanja maiko potengera mmene matimu awo achitira pa zaka zisanu zapitazo. Maiko 12 oyambirira pa mndandandawo amapatsidwa mipando iwiri m'chikho chilichonse, ndiye kuti timu yomwe yathera pachiwiri mu ligi imalowanso Champions League, ndipo yachitatu imapita ku Confederation Cup limodzi ndi yotenga chikho.

Mapointi ake amawerengedwa chonchi: mu Champions League, timu yotenga chikho imabweretsera dziko lake mapointi 6, yogonja mu fainolo 5, yothera mu semifainolo 4, mu kotafainolo 3, yachitatu m'gulu 2, ndipo yomaliza m'gulu 1. Mu Confederation Cup amayambira pa 5 kutsika mpaka theka la pointi. Kenako mapointi a chaka chomwe changotha amawachulukitsa kasanu, a chaka cha m'mbuyo mwake kanayi, choncho mpaka chaka chachisanu chomwe chimawerengedwa kamodzi. Chikadutsa pamenepo chimafufutidwa.

Simba itafika mu fainolo ya Confederation Cup mu 2025, nkugonja kwa RS Berkane ya ku Morocco, idapezera Tanzania mapointi 4, omwe m'chaka choyamba amasanduka 20. Yanga idachitanso zomwezo mu 2023 pomwe idataya chikho kwa USM Alger ya ku Algeria pa lamulo la zigoli za koyenda. Mipando inayi ija ndi zokolola za masewero ngati amenewa.

Chowawa kwa ife nchakuti mapointi amayamba kuwerengedwa timu ikalowa mu ndime ya m'magulu, momwe mumakhala matimu 16 okha, anayi pa gulu. Kuti ifike kumeneko iyenera kudutsa ndime ziwiri zachipulula, kusewera pakwawo ndi koyenda. Chilichonse chomwe timu yachita mu ndime ziwirizi sichilowa m'buku.

Taonani zomwe zidachitika mu October 2025. Silver Strikers, itadutsa Elgeco Plus ya ku Madagascar, idagonjetsa Yanga 1-0 pa bwalo la Bingu ku Lilongwe. Dziko lonse lidasangalala, ndipo a Yanga adachotsa mphunzitsi wawo. Patangotha sabata, Silver idagonja 2-0 ku Dar es Salaam nkutuluka. Pa mndandanda wa CAF, chipambano cha ku Bingu chija sichidabweretse ngakhale theka la pointi. Bullets idalawanso zotere mu 2021 pomwe idakaswa AmaZulu 1-0 ku South Africa nkudzagonja 3-1 pakhomo. Mu 2022 idatulutsidwa ndi Simba, ndipo mu 2023 idapyola ndime yoyamba nkukagwa m'manja mwa TP Mazembe ya ku Lubumbashi.

Achikulire akukumbukira chaka chimodzi chomwe khomo lidatseguka. Mu 2004 Bakili Bullets, pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri komanso ndi thandizo la ndalama la Bakili Muluzi, idatulutsa Orlando Pirates nkulowa m'magulu a Champions League. Idagwera gulu limodzi ndi Enyimba ya ku Nigeria, Etoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Kuti muone kulemera kwa gululo, fainolo ya chaka chimenecho idali ya Enyimba ndi Etoile du Sahel. Kuchokera apo mpaka mpikisano wa 2025/26, palibenso timu ya m'dziko muno yomwe idapondako m'magulu.

Ndiye palinso nkhani yoti kupeza mpando sikutanthauza kuti timu yanyamuka. Mpando ndi ufulu chabe, timu ikhoza kuusiya. Kamuzu Barracks idatenga ligi mu 2016 koma sidakasewere Champions League chaka chotsatira. Matikiti a ndege a gulu lonse, malo ogona ndi malipiro a osewera zimafuna ndalama zankhaninkhani, zambiri mwa izo zakunja, zomwe aliyense wochita malonda pa Songwe akudziwa mmene zimavutira kupeza. Mu 2024 CAF idayamba kupereka madola 50,000 kwa timu iliyonse yolowa ndime zachipulula. Ndalamayi idapeputsako katundu, koma siyingamange timu yolimbana ndi Mazembe.

Kalendala nayo sidatikomere. Silver idatenga ligi mu December 2024 koma masewero ake oyamba a CAF adabwera mu September 2025. Miyezi isanu ndi inayi ndi yokwanira kuti osewera abwino agulidwe, mphunzitsi asinthe, timu yomwe idapambana ija isakhalenso yomweyo.

Chotsiriza ndi chiphaso. CAF imafuna kuti timu ikhale ndi mabuku a zachuma ounikidwa bwino, isakhale ndi ngongole za malipiro a osewera, ikhale ndi matimu a achinyamata ndi a amayi, mphunzitsi wa mapepala oyenera, komanso bwalo lovomerezeka. Pa mfundo ya bwaloyi mpamene anthu a kumpoto ayenera kutcherapo khutu. Bwalo la Karonga lakhala likulandira masewero a ligi yaikulu kuyambira mu 2018, ndipo matimu akuluakulu amadziwa kuti kutentha kwa kunyanja kuno ndi phokoso la ochemerera sizisewera. Koma zimene CAF imayang'ana ndi zina: mipando yokhalapo munthu mmodzimmodzi, magetsi amphamvu, zipinda zovalira, malo a atolankhani ndi chitetezo. Mu 2025 matimu athu onse awiri, kuphatikizapo Wanderers ya ku Blantyre, adasewerera masewero awo a pakhomo pa bwalo la Bingu.

Ndiye kuti zinthu zikakhala mmene zidalili chaka chimenecho, Karonga United itatenga chikho nkupeza ndalama ndi chiphaso, pakhomo pake pangakhale ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 500. Wochemerera wa ku Kaporo kapena ku Chilumba angayenere kukwera mapiri a Chiweta, kudutsa Mzuzu, Jenda ndi Kasungu kuti akaone timu yake. Ndipo maere atati awagwetsere Simba kapena Yanga, alendowo sangadzere pa Songwe. Angatsikire pa bwalo la ndege la Kamuzu, nkukafika ku Bingu eni khomo adakali pa msewu.