Boti la Aluminiyamu: Zoyenera Kulangiza Asodzi Asanagule

Mau Oyamba

Mitengo ikuluikulu ya mbawa ndi mlombwa, imene makolo athu ankasemera mabwato ndi kucheka matabwa okhomera maboti, yachepa m'madera ambiri. Maboti a chitsulo wamba nawo ndi olemera ndipo amachita dzimbiri. Pa chifukwa ichi magulu ena a asodzi amafunsa alangizi ngati nkwabwino kugula boti la aluminiyamu. Yankho lake liyenera kuperekedwa mosamala, pakuti boti limagulidwa ndi ndalama zambiri, kawirikawiri za ngongole, ndiponso limanyamula miyoyo ya anthu. Mlangizi asanavomereze, ayambe wadziwa zinthu ziwiri: madzi amene botilo lidzagwiremo ntchito, ndi mmisiri amene adzalikonze likadzaonongeka.

Madzi a M'chigawo Chathu ndi Osiyana

Tiyambe ndi dera la Selous ku Zimbabwe, pa msewu wa Harare kupita ku Bulawayo, pakati pa Norton ndi Chegutu. M'chigawo ichi muli mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Asodzi a kumeneku amadalira madamu monga Manyame, lomangidwa mu 1976, Chivero, lomangidwa mu 1952, Ngezi, ndi Claw kufupi ndi Kadoma. Madzi onsewa ndi opanda mchere, ndipo boti lopepuka la mapepala opyapyala limatha kukhalitsamo.

Ku Kariba, ku Cahora Bassa ndi ku Nyanja ya Malawi madzi alibenso mchere, koma vuto lake ndi mafunde, makamaka nyengo ya mwera pa Nyanja ya Malawi. Nyanja ya Chilwa ndi yosiyana: ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero muli mchere ndi soda, zimene zimachuluka madzi akamaphwa monga m'mene zidachitikira mu 1968 ndi mu 1995 pamene nyanjayi idauma. Ku gombe la Mozambique, monga ku Beira ndi ku Quelimane, asodzi amalowa m'nyanja yaikulu, momwe lita imodzi ya madzi imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35.

Tsono boti limene latumikira bwino pa damu la kufupi ndi Selous likhoza kugulitsidwa kwa gulu la ku Chilwa kapena la ku mathiriro a Zambezi, nkukaonongeka msanga. Apa ndi pamene alangizi a mbali zonse za malire ayenera kulankhula chimodzi.

Ubwino wa Aluminiyamu

Aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu a chitsulo wamba cha msinkhu womwewo. Ngakhale mapepala ake amayenera kukhala ochindikalirapo, boti limatulukabe lopepuka. Asodzi ochepa amatha kulikokera kumtunda, injini yaing'ono imaliyendetsa, ndipo petulo samatha wambiri. Silivunda ngati matabwa ndipo silichita dzimbiri lofiira. Chimene chimaliteteza ndi kakhungu kopyapyala, kosaoneka ndi maso, kamene kamadzipanga kokha pamwamba pa aluminiyamu akakhudzana ndi mpweya. Kakhunguka kakakandika kamabwereranso.

Koma kakhunguka kali ndi adani awiri. Mchere umakabowola, nkusiya timaenje tokhala ndi ufa woyera. Soda wambiri amakasungunula. Amayi amene amaphika therere la soda mu poto wa aluminiyamu amadziwa m'mene potoyo amadera ndi kunyenyeka m'kati.

Mtundu wa Aluminiyamu

Aluminiyamu wa boti amasakanizidwa ndi zitsulo zina, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake. Mitundu yoyenera madzi a mchere ndi 5083 ndi 5086, yosakanizidwa ndi magineziyamu. Mtundu wa 5052 ndi wofala pa maboti ang'onoang'ono a mapepala opyapyala, ndipo wa 6061 umagwiritsidwa ntchito pa nthiti ndi zogwiriziza. Mitundu yokhala ndi mkuwa wambiri, monga imene nambala yake imayamba ndi 2, siyenera konse. Aluminiyamu wosungunulidwa kuchokera ku zitsulo zotayidwa, amene amisiri amaumbira mapoto, sadziwika zimene zili m'kati mwake, choncho asagwiritsidwe ntchito pokonza boti. Gulu lipemphe wogulitsa kuti alembe nambala ya mtundu ndi kuchindikala kwa mapepala pa kalata yogulira.

Zitsulo Ziwiri M'madzi a Mchere

Ili ndilo vuto limene limapha maboti ambiri a aluminiyamu. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi, zimagwira ntchito ngati batire: mphamvu yamagetsi yochepa imayenda pakati pake ndipo chitsulo chimodzi chimadyeka. Aluminiyamu akakumana ndi mkuwa, bulasi kapena chitsulo wamba, wodyeka ndi iyeyo. M'madzi opanda mchere izi zimachitika pang'onopang'ono, koma mchere umazifulumizitsa kwambiri. Kachidutswa ka waya wa mkuwa, mbedza kapena bawuti zoiwalika pansi pa boti m'madzi odikha zikhoza kuyambitsa bowo.

Pofuna kupewa zimenezi, alangizi atsindike mfundo izi:

1. Penti woletsa ndere wokhala ndi mkuwa asapakidwe pa boti la aluminiyamu.
2. Matabwa onyikidwa m'mankhwala obiriwira oletsa chiswe, amene amakhala ndi mkuwa, asakhudzane ndi thupi la boti.
3. Mabawuti a chitsulo chosachita dzimbiri alekanitsidwe ndi aluminiyamu poikapo mawashala a pulasitiki.
4. Waya wa batire, wa nyali zokopera kapenta kapena usipa, akhale awiri okutidwa bwino. Thupi la boti lisagwiritsidwe ntchito ngati waya wobwezera magetsi monga zimakhalira pa galimoto.
5. Pa boti ndi pa injini pamangidwe zidutswa za chitsulo zodyeka m'malo mwa boti, zotchedwa ma-anodi. Za zinki kapena za aluminiyamu wapadera ndi za m'madzi a mchere, pamene za magineziyamu ndi za m'madzi opanda mchere okha. Zisapakidwe penti, ndipo zisinthidwe zikatha ndi theka.

Kapangidwe ka Boti

Boti la pansi pophwatalala limakhazikika bwino pa madzi abata ndi osaya, monga m'madamu ndi m'madambo, koma limamenyeka ndi mafunde ndipo ndi loopsa pa nyanja yotakata. Kumene kuli mafunde kumafunika boti la pansi posongoka, la m'mbali mokwera ndi la mapepala ochindikala. Maboti ang'onoang'ono a m'madamu amakhala ndi mapepala a pafupifupi mamilimita 2, pamene opirira mafunde amayambira mamilimita 4 pansi pake. Olumikizidwa ndi mariveti ndi otsika mtengo, koma marivetiwo amamasuka ndi kugunda kwa mafunde ndipo mchere umabisala m'mipata yake. Owotcherera ndiwo oyenera ntchito yolemera. Aluminiyamu samayandama ngati mtengo: boti likadzaza madzi limamira, pokhapokha pansi pa mipando pakhale zipinda zotsekeka za mpweya kapena thovu louma loyandamitsa.

Adzalikonza Ndani?

Makina wamba owotcherera a pa msika, ogwiritsa ntchito timitengo, sapereka msoko wodalirika pa mapepala a boti. Pamafunika makina a MIG kapena TIG, mpweya wa argon, waya woyenera monga wa 5356, ndi mmisiri wozolowera ntchitoyi. Gulu la ku Selous lili pafupi ndi Harare, choncho kupeza mmisiri wotere sikovuta kwambiri. Gulu la pa chilumba cha Chisi ku Chilwa, kapena la pa doko lakutali la Cahora Bassa, liwerengere mtengo wonyamulira boti kupita kwa mmisiri ndiponso masiku amene lidzakhale osapha nsomba pamene ngongole ikudikira. Kumene kulibe mmisiri wotere, boti la matabwa kapena la faiba, limene amisiri a pa doko angathe kuligamba, lingakhale lanzeru koposa.

Pogula Boti Logwiritsidwa Kale Ntchito

Botilo liikidwe pamtunda ndi kuthiramo madzi pang'ono kuti aoneke malo odontha. Chotsani matabwa apansi ndi kuyang'ana timaenje ta ufa woyera, ming'alu m'misoko, makamaka kumbuyo kumene kumakhala injini, ndi penti watsopano amene angabise zigamba. Funsani kumene botilo linkagwira ntchito. Onaninso kuti lili ndi zikalata za umwini, ndiponso kuti gulu likudziwa malamulo a dziko lake pa kulembetsa maboti ndi ziphaso za usodzi. Ku madamu a Manyame, Chivero ndi Ngezi ziphasozi zimaperekedwa ndi Zimbabwe Parks and Wildlife Management Authority.

Mau Otsiriza

Boti likagulidwa, litsukidwe ndi madzi opanda mchere kawirikawiri, lisagone ndi madzi m'kati, ndipo aliyense wokweramo avale jekete loyandamitsa. Alangizi akulimbikitsidwa kulemba mtundu wa boti, madzi amene likugwiramo ntchito ndi zovuta zimene zaoneka chaka ndi chaka, ndi kugawana zimenezi ndi anzawo a m'maiko oyandikana, kuti gulu lina lisadzalowe m'ngongole ya boti losayenera madzi ake.