Kusankha Op Amp ya Synthesizer Yoyendera Magetsi Ochepa

M'chaka cha 1964, m'tauni yaing'ono ya Trumansburg m'boma la New York ku America, Robert Moog anapanga makina oimbira amene analibe chikopa chonga cha ng'oma kapena nsambo zonga za gitala. Mau ake ankachokera m'magetsi okhaokha. Makinawo, otchedwa synthesizer, anali m'zigawo zosiyanasiyana zimene woimba ankazilumikiza ndi mawaya monga mmene wafunira: chigawo china chobala liu, china cholisefa, china cholikweza ndi kulitsitsa. Nchifukwa chake mtundu umenewu umatchedwa modular, ndiko kunena wa zigawozigawo. Lerolino anthu ambiri okonda zamagetsi amadzipangira okha zigawo zimenezi pakhomo, ndipo ntchitoyi siifuna digiri koma kudekha, maso akuthwa ndi chitsulo chowotcherera mtovu.

Vuto loyamba limene wodzipangira amakumana nalo ndi la magetsi. Zojambula zambiri za m'mabuku zimatsata dongosolo la Eurorack, limene Dieter Doepfer wa ku Germany analiyambitsa m'chaka cha 1995. Dongosololi limafuna mavolti 12 a pamwamba pa ziro ndi mavolti 12 a pansi pa ziro, onse pamodzi 24. Koma wachinyamata amene wangomaliza sukulu kaŵirikaŵiri amakhala ndi batire ya mavolti 9, kapena tchaja ya foni yotulutsa mavolti 5 basi. Magetsi ochepa chotere atha kuimba ndithu, pakuti makina a AE Modular, opangidwa ndi kampani ya Tangible Waves ku Germany komweko, amayendera mavolti 5 okha. Komabe munthu akangotenga chojambula cha mavolti 24 nachimangira pa mavolti 5, chimene amamva ndi mau osasa, mwinanso chete weniweni. Kaŵirikaŵiri chimene chalakwika ndi kachipangizo kakuda ka miyendo isanu ndi itatu kotchedwa op amp.

Op amp ili ndi makomo aŵiri oloŵera magetsi ndi khomo limodzi lotulukira. Ntchito yake ndi kuona kusiyana kwa magetsi a pa makomo aŵiriwo ndi kukulitsa kusiyanako, mwina nthaŵi 100,000 kapena kuposerapo. Kukulitsa kotereku nkopyola muyeso, choncho mmisiri amabweza gawo la magetsi otuluka kudzera m'marezisita kuti kachipangizoka kachite chimene iye akufuna: kuphatikiza magetsi aŵiri, kusefa liu, kapena kubala liu lenilenilo. Op amp yoyamba kugulidwa ndi anthu ambiri inali K2-W ya George Philbrick ya m'chaka cha 1953, imene inali ya mavalavu otentha. Yotchuka koposa ndi 741, imene David Fullagar anaipanga ku kampani ya Fairchild m'chaka cha 1968. Masiku ano mitundu yake ilipo mazanamazana, yofanana nkhope koma yosiyana khalidwe.

Kusiyana koyamba nkwa malo amene liu limayendamo. Magetsi a batire ali ngati chipinda chokhala ndi denga ndi pansi, ndipo liu limakwera ndi kutsika pakati pa ziŵirizi. Ma op amp akale sakhudza denga, ndiponso ambiri a iwo sakhudza pansi. Chitsanzo ndi TL072 ya kampani ya Texas Instruments, imene amisiri a Eurorack amaikonda kwambiri. Iyo imasiya pafupifupi volti imodzi ndi theka kumwamba, ndi inanso imodzi ndi theka kunsi. Pa mavolti 24 zimenezi sizidandaulitsa, chifukwa pamatsala 21. Pa batire ya mavolti 9 pamatsala 6, amene ngokwanirabe. Koma pa mavolti 5 pamatsala 2 okha, ndipo liu likafuna kupyola pamenepo limadulidwa mutu ndi miyendo. Choipa china nchakuti TL072 ya mtundu wakale, magetsi oloŵa akayandikira kwambiri pansi, imatembenuka mwadzidzidzi nitulutsa magetsi okwera pamene inayenera kutulutsa otsika.

Poona zimenezi ambiri amathamangira ku LM358, kapena kwa mbale wake LM324 imene kampani ya National Semiconductor inaitulutsa m'chaka cha 1972. Ziŵirizi nzotsika mtengo, zimapezeka ngakhale m'zipangizo zakale zotayidwa, zimayamba kugwira ntchito pa mavolti 3, ndipo zimatsika mpaka pafupi ndi ziro. Koma kumwamba nazo zimasiya volti imodzi ndi theka, kotero kuti pa mavolti 5 zimalekera pa 3.5. Ndiponso zili ndi kachilema kena: magetsi akamasintha kuchoka pa kukankha kupita pa kukoka, zimadodoma pang'ono, ndipo kudodomako kumamveka m'sipika ngati kukhakhala kwa liu. Motero malo ake oyenera ndi zigawo za magetsi oyenda pang'onopang'ono, monga amene amalamula kuti liu likule kapena lizirale. Pamene pakudutsa liu lenileni la nyimbo, ndi bwino kufuna ina.

Yankho la mavolti 5 ndi mtundu wotchedwa rail-to-rail, umene umafika pafupifupi padenga penipeni ndi pansi penipeni. Wodziŵika bwino ndi MCP6002 wa kampani ya Microchip, umene umagwira ntchito kuyambira pa mavolti 1.8 kulekeza pa 6. Apa mpamene pali msampha wodyera anthu ndalama. TL072, LM358 ndi MCP6002 zili ndi miyendo yofanana ndendende: mwendo wa 8 ngwa magetsi a pamwamba, wa 4 ngwa pansi. Munthu atha kuzula ina naikapo inzake mosavuta. Koma MCP6002 ikaikidwa pa batire ya mavolti 9, kapena pa 24 a Eurorack, imaonongeka. Amene akufuna rail-to-rail pa mavolti 9 afune monga TLV2372, imene imalandira kuyambira 2.7 mpaka 16.

Kusiyana kwachiŵiri nkwa liŵiro. Op amp iliyonse ili ndi malire a msanga umene ingasinthire magetsi ake otuluka, ndipo amayezedwa m'mavolti pa mikrosekondi, ndiye gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Ya 741 imafika 0.5, MCP6002 imafika 0.6, pamene TL072 imafika 13. Liu losalala lonjenjemera nthaŵi 20,000 pa sekondi, ndiwo malire a khutu la munthu, likamakwera mavolti 5 ndi kutsika 5 limafuna 0.63, choncho 741 imapereŵera. M'makina a mavolti 5 liu limakwera 2.5 ndi kutsika 2.5 basi, ndipo limangofuna 0.31. Apa magetsi ochepa akomera mmisiri, pakuti MCP6002 ikukwanira. Koma mau okhala ngati mano a sowo, amene amagwa mwadzidzidzi, amafuna op amp yothamanga koposa apa kuti nsonga zake zisabunthe.

Kusiyana kwachitatu kumakhudza khutu la aliyense amene anaimbapo kwaya. M'ma synthesizer ambiri, volti imodzi ikaonjezeka liu limakwera kuchoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba. Pakati pa ma do aŵiriwo pali masitepe 12, choncho sitepe imodzi, monga kuchoka pa mi kufika pa fa, ndi mamilivolti 83 okha. Op amp iliyonse imabadwa ndi kakulakwa kake. Pa MCP6002 kangafike mamilivolti 4.5, ndilo gawo limodzi mwa magawo 18 a sitepe. Kokha nkochepa, koma kakakulitsidwa kapena kakaunjikana m'zigawo zingapo, makina amayamba kusemphana ndi oimba anzake. Mankhwala ake ndi karezisita kopotokola ndi sikuludiraiva, kamene mmisiri amakonzera muyeso. Pamenepanso mpamene phindu la rail-to-rail limaonekera: mavolti 5 athunthu amakweza liu ma do asanu, pamene LM358 imalekera pa atatu ndi theka.

Palinso zigawo zimene zimasunga magetsi m'kapasita kuti liu likhale pamalo amodzi kwa kanthaŵi. Makomo oloŵera a LM358 amadutsitsa timagetsi tochepa nthaŵi zonse, ndipo timeneti timasintha muyeso wa m'kapasita, kotero liu limasuntha lokha popanda wolikhudza. TL072 ndi MCP6002 zimadutsitsa timagetsi tochepa kwambiri kuposa pamenepo, nthaŵi mazana kapena zikwi, choncho ndizo zoyenera ntchito imeneyi.

Wodalira batire aganizirenso za njala ya kachipangizo kake. NE5532, imene kampani ya Signetics inaitulutsa m'chaka cha 1979, imatamandidwa chifukwa cha mau oyera, koma imadya mamiliampu 8 ndipo sinapangidwire mavolti 5. MCP6002 yonse imadya pafupifupi 0.2. Makina a ma op amp khumi a mtundu woyambawo atha kumaliza batire ya mavolti 9 tsiku limodzi lisanathe.

Op amp yabwino nayo imafuna kuikonzera malo. Poti palibe magetsi a pansi pa ziro, mmisiri amagaŵa mavolti 5 pakati ndi marezisita aŵiri ofanana, napeza 2.5, ndipo liu limayenda mozungulira pamenepo. Pafupi ndi miyendo ya magetsi amaika kapasita ya mananofaradi 100 yotsekereza phokoso. Nkwanzerunso kuwotcherera soketi m'malo mwa op amp yeniyeniyo, kuti ina ikakanika izulidwe popanda kuononga bolodi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Fakitale iliyonse imalemba chikalata chotchedwa datasheet, chimene chimapezeka kwaulere pa intaneti, ndipo munthu asanatulutse ndalama ayenera kufunamo zinthu zinayi: magetsi ochepetsetsa ndi ochulukitsitsa amene kachipangizo kamalandira, malire a magetsi oloŵa ndi otuluka, liŵiro lake, ndi kakulakwa kake. Aphunzitsi a sayansi atha kuonetsa phunziro limeneli m'kalasi ndi ziŵiya zochepa. Alumikize khomo lotulukira ku khomo loloŵera la chizindikiro chochotsera, apereke mavolti 5, kenaka akweze pang'onopang'ono magetsi a pa khomo linalo, ophunzira akuŵerenga mita. Ndi LM358 mita idzaima chapafupi ndi 3.5 ngakhale apotokole chotani. Akaikapo MCP6002, mita idzakwerabe mpaka pafupi ndi 5.

Gawo lotsatira la nkhanizi lidzafotokoza mamangidwe a chigawo chobala liu.